Nyimbo ya ku Korea Inandithawitsira Mwana

1

Mwamuna wanga anabwera kuchokera ku Joni ali m'bokosi, ndipo moyo wake wonse wa kumeneko unakwana m'chikwama chimodzi: majekete awiri, nsapato za kuntchito ndi foni yong'aluka pakona.

Ine ndine Jennifer. Kwathu ndi ku Dedza, koma kuno ku Mzimba ndine NyaNkhoma. Ndinabwera ndili mtsikana, kutsatira bambo anga amene ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo Yotam Ziba wa ku Manyamula anandiona ndisanaphunzire n'komwe kulonjera m'Chitumbuka. Tsiku limene akwawo anabwera ndi nkhani ya ng'ombe za lobola, bambo anga anaseka mpaka kutsokomola. "Kwathu mwana ndi wa kuchikazi," anatero, "koma ng'ombe sindikana." Nanenso ndinaseka. Palibe amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ng'ombezo zikangotuluka m'khola, mwana aliyense amene ndidzabereke ndi wa kwa Ziba.

Mwana tinabereka mmodzi yekha, Tamara. Yotam anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha. Sindinadandaule. Pa Boma pano akazi a amuna a ku Joni tilipo ambiri moti tikhoza kuyambitsa mpingo wathuwathu.

Kenako Yotam anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga.

Titaika maliro ku Manyamula, mlamu wanga Nesta, mlongo wake wa Yotam, ndiye anandiveka zakuda, kuyambira duku mpaka chitenje. Anandiwerengera malamulo akumanga mfundo ya dukulo: kuukwati ayi, kuvina ayi, kuseka mokweza ayi, mpaka chaka chitembenuke, banja lidzandivule lokha.

Mkulu wake wa Yotam, a Yoram, anatenga foni ija n'kuiika m'manja mwa Tamara kuti akhale ndi chokumbukira bambo ake. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mlamu, mwana apite nanu ku Boma chifukwa cha sukulu. Kweni mukumbukenge, tikukubwerekani chabe."

"Yewo, alamu," ndinayankha nditagwada. Mumtima ndinkati, munthu amabwereka mwana amene anamunyamula yekha m'mimba? Koma wamasiye sakweza mawu.

2

Tamara anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo pakamwa pake sipankakhala ntchentche. Ankandifotokozera za m'kalasi mpaka ndinkamupempha kuti apume, ndimveko kutafuna kwanga. Titabwerako kumaliro mwana uja anazima. "Eya." "Ayi." "Sindikudziwa." Chakudya ankangochisuntha m'mbale. Yunifomu inayamba kumukulira.

Ndinapita naye kuchipatala, anati ndi chisoni, chitha chokha. Ndinapita naye kwa abusa, anamupempherera mpaka iwowo thukuta, mwana ali duu. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, tsiku lina ndinamugwedeza mapewa ndikulira, "Tamara, ndiyankhule, ndatsala ndi iwe wekha!" Anangondiyang'ana ngati akufuna kundipepesa.

Chinthu chimodzi chokha ankachita ndi mtima wonse. Akaweruka kusukulu ankakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa chingwe choyanikira zovala, foni ya bambo ake ili pafupi ndi nkhope, akumvetsera nyimbo imodzimodzi. Ndikayandikira ankaigwadikiza pachifuwa. Ine sindinaumirire kuona. Ndimagwira ntchito pa kawailesi kena pa Boma pano, ndipo ife a pawailesi tikamva chinthu timayesa tachidziwa chonse. Zimene ndinamva zinali likhweru, kuomba m'manja, timawu ta atsikana m'chilankhulo chachilendo, ndipo kumapeto kamwana kakuseka.

Ndisanavale zakuda ndinali ndi pulogalamu ya achinyamata Loweruka masana, yoika nyimbo zatsopano pasikelo. Chifukwa cha maliro anandisamutsira kowerenga zidziwitso, ndipo pulogalamu ija anatenga mnzanga Zondwayo. Tsiku lina ndinamuimbira kalikhweru kaja.

"Asisi, iyo ndi ya atsikana a ku Korea," anatero akuseka. "Ana onse a ku sekondale akuvina imeneyo. Mwaimva kuti?"

"Ili m'foni ya malemu."

Basi, mutu wanga unalumikiza zonse. Yotam anasungira mwana wake nyimbo, mwina kuti adzavine naye pa Khirisimasi, ndipo mwana akuilirira yekha chifukwa m'nyumba ya zakuda nyimbo yotere ndi mlandu. Ndinaganiza kuti ndikamuonetsa kuti mayi ake saiopa nyimboyo, pakamwa pake patseguka.

"Loweruka lino undipatse mpando wanga," ndinatero.

Zondwayo anayang'ana duku langa. "Ndapota, asisi, ganizani bwino. Ku Manyamula timamveka bwino chomene."

"Zakuda sizioneka pa wailesi," ndinamuyankha. Ndinkadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

3

Loweruka ndinapempha Halimatu, mnzanga woyandikana naye nyumba amene amagulitsa nsalu mumsika, kuti akhale ndi Tamara pakhonde n'kutsegula wailesi.

Nditaimvetsera nyimboyo mu situdiyo ndisanalowe pamphepo, ndinaona kuti kuseka kwa kamwana kuja kumapeto kunalibe. Ndinangoti mwina ya m'foni ndi mtundu wina. Nyali yofiira inayaka, ndipo mawu anga akale, amene ndinali nditawapinda ngati zovala za kuukwati, anatuluka okha.

"Achinyamata a Mzimba, Jennifer wabweranso! Lero ndakutengerani kutali, ku Korea, kwa atsikana asanu amene onse sanakwane zaka makumi awiri. Dzina la gulu lawo musandifunse, lilime langa lakana. Nyimboyi ikuyamba ndi likhweru ngati la mnyamata woweta ng'ombe amene wapeza masuku akupsa. Kenako manja, phwa phwa phwa, ndiye wina akulowa ndi timawu tating'ono ngati akukunong'oneza miseche m'kalasi. Asanamalize mnzake wamulanda, wachitatu akuthamangitsa mawu ngati kondakitala wa minibasi ya ku Jenda. Zimene akunena sindikumva ngakhale liwu limodzi. Zondwayo akuti akuimba za kutuluka panja dzuwa likawala, kusiya nkhawa m'nyumba. Kaya ndi zoona kaya akundinamiza, miyendo yanga yavomera kale.

"Chilema chake chilipo. Ndi yotsekemera mopitirira, ngati tiyi wopangira mlendo. Pakati pake ng'oma zikuima mwadzidzidzi moti ungathamange kukaona ngati magetsi azima. Koma zikabwerera, abale inu, onse asanu akulowa pamodzi, ndipo ngakhale munthu wodwala dzino agwedeza mutu. M'nyimbo iyi mulibe chisoni ngakhale kadontho. Pa khumi ndikuipatsa zisanu ndi zinayi. Imodziyo ndawalanda chifukwa ikutha msanga."

Ndinaseka. Ndikuvomera, ndinaseka mokweza, Mzimba yonse ikumva. Kenako ndinatsitsa mawu.

"Tamara, mwana wanga, iyi ndi yako. Ndi nyimbo imene adada ako anakusungira. Ankakukonda iwe wekha padziko lonse. Dzuka uvine."

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Changa chinabwera chikuimba, ndi malikhweru omwe.

4

Ndinafika kunyumba nditanyamula mabanzi, ndikuyembekezera kupeza mwana akumwetulira. Ndinapeza Halimatu ataima pamsewu, manja ali kumutu.

"Mayi a Tamara, mwana wapita."

"Wapita kuti?"

"Nyimbo itayamba anagwira makutu. Mutanena za bambo ake anaimirira n'kuthamanga. Ine ndi thupi langali ndikanamupeza? Anyamata a kabaza akuti wakwera njinga yamoto ya ku Manyamula."

Mabanzi ndinawasiya pomwepo mumsewu. Ndinaimba foni ya malemu, yozima. Ndinaimbira Nesta kangapo, osayankha. Dzuwa litapendeka anaimba yekha.

"NyaNkhoma, mwana ali kuno kwawo."

"Ambuye atamandike. Ndikubwera kudzamutenga."

"Mudzamutenge? Yayi. Takumvani tonse. Amama anali pamkeka, wailesi ili pambali, mkamwana wawo akuseka ngati wapata lotale. Dothi la pamanda a mlongo wanga silinaume. Ngakhale mwana wakuthawani, waona yekha."

"Mlamu, ndinachitira mwanayo. Ndipatseni ndiyankhule naye."

"Akukana," anatero, n'kudula.

Ndinakhala pansi pakati pa nyumba, ndikuyang'ana nsapato zake za kusukulu pakhomo. Mantha amene ndinamva sindingawafanizire ndi imfa ya Yotam. Imfa ija inandipweteka, koma ndinali nditazolowera kale bedi lopanda iye. Apa ndinkaona zaka zikubwerazo: Tamara akukulira ku Manyamula, akuuzidwa kuti mayi ake anavina pamaliro, ine ndikumuona pa maliro a ena okha, akundipatsa moni wa mlendo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto yoyamba.

5

Anandilandira ngati wobwera kudzagula mbuzi. Anandiyalira mkeka pabwalo la a Yoram, iwo ali pampando, Nesta ali pambali pawo, akazi a m'mudzi atakhala chapatali ngati akusenda chinangwa. Tamara sanaoneke.

Ndinagwada. Kunyada konse ndinali nditakusiya pa Boma.

"Alamu, ndalakwa. Ndilipitseni chimene mungafune. Pulogalamu ija ndaisiya, ngakhale ntchito yonse ndisiya. Zakudazi mukafuna ndivale zaka ziwiri, ndivala. Koma mwana yekha ndipatseni."

A Yoram si munthu woipa mtima. Anapukusa mutu nthawi yaitali. "Mlamu, tinakubwerekani mwana, mbwenu mwamuthawitsa. Anthu atiseka kuti kwa Ziba maliro amavinidwa. Titani ise?"

"Palibe chokambirana," analowerera Nesta. "Mwana akhala ndi ine. Sukulu ziliko kuno. Awa abwerere ku wailesi yawo, akaseke bwino."

Ndinayenda ndi maondo mpaka ndinagwira mapazi ake. Inde, ine Jennifer, amene ndimadzudzula oimba dziko likumva, ndinagwira mapazi a Nesta. "Ndapota, mlamu. Nanunso ndinu mayi."

Anachotsa phazi lake msanga, ndipo ndinaona kuti likunjenjemera. Ndinadabwa. Wopambana mlandu sanjenjemera.

"Muitaneni mwana anene yekha," anatero a Yoram.

"Wagona, mutu ukumupweteka," Nesta anayankha mofulumira.

"Muitaneni."

Tamara anatuluka m'nyumba maso atatupa. Sanabwere kwa ine, sanapite kwa Nesta. Anaima pakati, ndipo kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro ndinamva chiganizo chathunthu kuchokera pakamwa pake.

"Ankhazi, mundibwezere foni ya adada," anauza Nesta, mlongo wa bambo ake.

"Foni ya mwana ikutani kwa iwe?" anafunsa a Yoram.

"Ndamusungira. Ikumudwalitsa."

"Ndinamupatsa ndine. Bweza."

Nesta anamasula mfundo ya chitenje pang'onopang'ono ngati akuchotsa minga. Foniyo inali ndi loko, ndipo wodziwa kutsegula anali Tamara yekha, amene anaonera chala cha bambo ake pa Khirisimasi. Anaiyatsa, anaitsegula, n'kubwera kudzagwada patsogolo panga.

"Amama, musangomvetsera. Onani."

6

Likhweru lija linalira pabwalo la maliro. Sinali nyimbo chabe. Inali vidiyo.

Kachipinda kakang'ono, makatani ofiira, wailesi ya kanema ikuonetsa atsikana asanu aja. Patsogolo pake mwamuna wanga Yotam, atavala kabudula, akuvina. Ankaphonya sitepe iliyonse, mimba ikugwedezeka, akusangalala ngati mwana. Ine chikwatiwire sindinamuonepo akuvina. Amene ankamuphunzitsa anali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, kokhala ndi mpata pakati pa mano ngati wa Yotam, ngati wa Tamara. Pampando panali mayi wina, khanda lili pamwendo. Pambali pake, akuomba m'manja mokondwa, panali Nesta, atavala chitenje chimene ndinamugulira ndekha kwa Halimatu pamene ankapita ku Joni kukaoda katundu.

Nyimbo itatha kamtsikana kaja kanadumphira Yotam m'khosi, kakuti, "Dadi, simutha!" Kenako kanaseka. Kunali kuseka kuja ndinkakumva kuseri kwa nyumba.

Ngakhale osenda chinangwa anaimika mipeni.

"Ndinabwera kudzafunsa ankhazi kuti ameneyu ndani," anatero Tamara. "Anandilanda foni. Anati ndikakuuzani mudzafa ndi mtima."

Ndinayang'ana a Yoram. Maso awo anali pansi.

"Munkadziwa, alamu?"

"Za vidiyo yayi."

"Za mkaziyo?"

"Ng'ombe za lobola zinapita kwawo, ku Embangweni. Ndi wa konkuno, anakumana ku Joni. Pamaliro analephera kubwera chifukwa cha mapepala. Adzabwera povula zakuda, ndi ana."

Ndiye kuti mudzi wonse unkadziwa. Onse amene anandigwira mapewa pamanda, onse amene anandiphunzitsa kalilidwe koyenera, ankadziwa kuti ndikulira theka la mwamuna. Ndipo ine ndinali nditauza mwana wanga pa wailesi, dziko likumva, kuti bambo ake ankakonda iye yekha, n'kumuuza kuti avine nyimbo ya mwana winayo.

Ndinaimirira pamaso pa alamu anga, zimene mkamwana sachita, ndipo manja anga anapita pa mfundo ya duku. Ndinkafuna ndilivule, ndiliponye pamapazi a Nesta, ndivule ndi chitenje chomwe ngati n'kotheka.

"Amama, musavule!"

Tamara anali atandikakamira mkono ndi manja onse awiri.

"Musavule, ndapota! Mukavula ndiye kuti ukwati mwaukana, mupita ku Dedza. Ine sangandilole kupita nanu. Ndikhala ndi ndani?" Ankalira mpaka mawu kudukaduka. "N'chifukwa chake sindimayankhula. Ndimaopa kuti ndikatsegula pakamwa zituluka."

Miyezi yonse ija ndinkayesa kuti mwana akulira bambo ake. Iye ankandilondera ine kuti ndisachoke.

7

Ndinatsitsa manja. Kenako ndinawakwezanso n'kulimbitsa mfundo ija mpaka mutu kupweteka. Ndinagwadanso pamkeka, koma ulendo uno sindinagwire phazi la munthu.

"Alamu, zakudazi ndivala mpaka tsiku limene mudzandivule nokha. Mnzangayo akabwera ndidzakhala naye pamkeka umodzi, sindidzamutukwana, ana ake ndidzawapatsa moni. Dzina la Ziba silidzatuluka pakamwa panga, ngakhale mukudziwa kuti pakamwa panga pamamveka mpaka ku Edingeni. Koma mwana ndikupita naye lero, ndipo mawu oti kubwereka sindikufuna kudzawamvanso."

Nesta anatsegula pakamwa, koma a Yoram anakweza dzanja. Anayang'ana Tamara, amene anali asanasiye mkono wanga.

"Mutengeni," anatero. "Akabwerenge pa holide kudzaona agogo ake."

"Yewo chomene," ndinayankha.

Tinakwera njinga yamoto imodzi, Tamara ali pakati. Fumbi linatilowa m'maso njira yonse, choncho aliyense anali ndi chifukwa chopukutira misozi. Titayandikira Boma Tamara anatembenuka n'kundifunsa ngati kamtsikana kaja kauzidwa kuti kali ndi mkulu wake. Ndinati sindikudziwa. Anafunsanso ngati kunyumba kuli chakudya, ndipo funso limenelo linandikoma kuposa nyimbo iliyonse imene ndinaiikapo pasikelo.

Owerenga anzanga, ena mwa inu mukuti ndikanapita kukhoti, ndipo mwina mukunena zoona. Khoti likanandipatsa mwana. Koma mwanayo dzina lake ndi Ziba, manda a bambo ake ali ku Manyamula, ndipo tsiku lina adzafuna anthu omuimira pa ukwati wake. Sindinafune kumupambana ngati katundu, atang'ambika pakati. Ena mukuti ndine wopusa kuvalira zakuda munthu amene anandinamiza zaka zonsezo. Nanenso ndimadziuza zomwezo m'mawa uliwonse ndikamamanga duku pagalasi, ndipo masiku ena ndimamutukwana Yotam ndi mawu amene sangaulutsidwe.

Chimene ndikupemphani ndi chimodzi. Mwana akakhala chete m'nyumba mwanu, musathamangire kumupezera dzina la nthenda yake ngati mmene ndinachitira ine. Ana athu amasenza zinsinsi za akuluakulu zolemera kuposa iwo, ndipo nthawi zambiri amazisenza pofuna kutiteteza ife.

Pamene ndikulemba izi chaka sichinatembenuke. Ndikadutsa mumsika amayi amalozerana, amati taonani NyaNkhoma, analakwitsa kamodzi koma mwamuna wake akumulira mokhulupirika. Ndimangoti yewo n'kupitirira. Sadziwa kuti Yotam ndinasiya kumulira tsiku lija pabwalo. Zakudazi ndavalira Tamara.